Tinapempha ndalama ku mafaundeshoni 14, palibe anatipatsa. Talakwitsa pati?

Funso: Ndimakhala ku Galveston, m'chigawo cha Texas, ndipo ndine msungichuma wa kabungwe kophunzitsa ana a m'mabanja osauka kusambira. Tagwira ntchito zaka zitatu. Chaka chatha tinagwiritsa ntchito $38,000, zambiri zochokera kwa anthu akufuna kwabwino ndi mipingo iwiri. Tikufuna galimoto yonyamulira ana ndi mphunzitsi wapamalipiro, choncho ndinalemba pulopozo ya $150,000 n'kuitumiza ku mafaundeshoni 14. Asanu anayankha kuti pepani, enawo kuli zii. Kodi ndalama zimenezi amangopatsana pachinzake? Kapena vuto ndi Chingerezi changa?

Yankho: Mayi, Chingerezi chanu chisiyeni, chilibe mlandu. Tsamba loyamba la pulopozo lomwe mwanditumizira ndaliwerenga kawiri, ndipo likumveka bwino kuposa ambiri omwe adutsa m'manja mwanga, kaya pomwe ndinkalembera mabungwe mapempho otere, kaya pomwe ndinkakhala m'komiti yosankha oti athandizidwe. Chomwe chandiimitsa ndi manambala atatu a m'kalata yanu: 38,000, 150,000 ndi 14. Bungwe loyendetsa $38,000 pachaka likupempha ndalama zoposa pamenepo pafupifupi kanayi, ndipo pempho limodzi, mawu ake omwewo, lapita kwa anthu 14 omwe zofuna zawo n'zosiyana. Ndikukayika ngati ambiri mwa iwo anafika tsamba lachiwiri.

Tiyambe ndi kudziwa amene mukumupemphayo. Faundeshoni yomwe si ya boma, mtundu womwe munalemberawo, ndi chuma cha munthu mmodzi, banja limodzi kapena kampani imodzi, chomwe anachipatula n'kuchiika m'masheya ndi m'malonda ena kuti chizibereka. Zomwe chabereka ndizo amagawa. Malamulo ake akuluakulu ku America anakhazikitsidwa mu 1969, ndipo lomwe likukhudza inu kwambiri ndi ili: chaka chilichonse faundeshoni iyenera kutulutsa pafupifupi 5 peresenti ya chuma chake ku ntchito zachifundo. Ikapanda kutero, a msonkho a IRS amailipiritsa 30 peresenti ya ndalama zomwe yaumira nazo. Ndiye musalowe pakhomo pawo mutagwira chipewa kumanja ngati wopemphetsa. Iwo akufuna kopereka, ndipo bungwe lodalirika ndi chinthu chomwe amachisaka.

Koma werengani masamu ake. Faundeshoni yokhala ndi $20 miliyoni imatulutsa pafupifupi $1 miliyoni pachaka. Mu ndalama imeneyi amawerengeramonso zina zoyendetsera ofesi yawo. Muli malonjezo a zaka zam'mbuyo omwe akulipirabe. Muli mabungwe omwe akhala akuwathandiza kuyambira agogo awo ali moyo, omwe sangawasiye. Zotsalira alendo ngati inu zimakhala zochepa kwambiri, ndiye inu mwabwera n'kupempha 15 peresenti ya mphika wonse, asanakuoneni n'komwe nkhope.

Chachiwiri, chuma chilichonse chotere chili ndi chifuniro cha mwini wake, ndipo a m'bodi amamangidwa nacho ngakhale mwiniyo anamwalira kalekale. Mzinda wanu ndi chitsanzo chabwino, chifukwa pa kachilumba ka anthu osafika 60,000 pali mafaundeshoni akale omwe mizinda ina ikuluikulu ingawasirire. Sealy & Smith Foundation inakhazikitsidwa mu 1922 ndi cholinga chothandiza chipatala cha John Sealy, ndipo ndalama zake zimapita ku ntchito zachipatala za UTMB, sukulu ya zaudokotala ya University of Texas yomwe ili pachilumbapo. Mungalembe pulopozo yokoma ngati uchi, koma kusambira kwa ana si ntchito yomwe anaisiyira chumacho. Moody Foundation inayamba mu 1942, oyambitsa ake ndi W. L. Moody Jr. ndi mkazi wake Libbie Shearn Moody, ndipo imathandiza Texas yense, kutanthauza kuti mukupikisana ndi mayunivesite ndi zipatala za ku Dallas ndi Austin. Harris and Eliza Kempner Fund ya mu 1946 maso ake ali makamaka pa Galveston pomwepo. George Mitchell anabadwira pachilumbapo ndipo anakonzanso nyumba zambiri zakale za ku Strand, dera lakale la malonda mumzindamo, koma faundeshoni yomwe anayambitsa ndi mkazi wake Cynthia imadziwika kwambiri ndi nkhani za madzi, nthaka ndi mphamvu zamagetsi zosawononga chilengedwe. Mabanja anayi, mzinda umodzi, mitima inayi. Pulopozo imodzi singawakwane onse. Simunanditchulire maina a 14 aja, koma ndingalumbire kuti theka lawo sakanakupatsani ngakhale akanafuna, chifukwa chikalata chowakhazikitsa sichiwalola, kapena dera lanu si lawo.

Apa ndiye pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ntchito yeniyeni ili pano, ndipo ndi yaulere. Faundeshoni iliyonse yotere imapereka ku IRS fomu yotchedwa 990-PF chaka ndi chaka, ndipo lamulo limati fomuyo aliyense aione. Pitani pa intaneti, tsegulani Nonprofit Explorer ya ProPublica, lembani dzina la faundeshoni, n'kutsegula fomu yaposachedwa. Masamba oyambirira adutseni, ndi a akauntanti amenewo. Tsikani chakumapeto. Mupeza kabokosi kakang'ono komwe faundeshoni imachonga ngati imangopereka ku mabungwe omwe yasankha yokha ndipo silandira mapempho a anthu omwe sinawaitane. Kabokosi kameneko kakachongedwa, kalata yanu inapita m'bini isanatsegulidwe, ndipo palibe anakulakwirani. Ena mwa asanu ndi anayi omwe ali chete aja mukawapeza pamenepa. Ngati sikanachongedwe, pansi pake pamalembedwa munthu wolandira mapempho, zoyenera kutumiza, tsiku lotsekera ndi madera omwe amathandiza.

Kenako pali mndandanda wa aliyense amene anapatsidwa ndalama chaka chimenecho: dzina la bungwe, komwe lili, cholinga, ndi kuchuluka kwa ndalama. Usindikizeni, mutenge pensulo, mukhale pansi. Chongani mabungwe onse a ku Galveston. Mwa amenewo zungulizani ang'onoang'ono ngati lanu, ndi ogwira ntchito ndi ana. Onani kuti anapatsidwa zingati. Musapusitsidwe ndi mphatso imodzi yaikulu ya ku yunivesite yomwe ili pamwamba. Sanjani manambala kuyambira yaing'ono kufika yaikulu, muone yapakati. Mukatero tsegulani fomu ya chaka cham'mbuyo mwake ndi ya dzana lake, muone maina omwe angotulukira kumene. Ndalama zomwe mlendo anapatsidwa ulendo woyamba, imeneyo ndiyo nambala yanu. Nthawi zambiri mukaona $5,000, $7,500, $10,000, kenako bungwe lomwelo likukwera pang'onopang'ono m'zaka zotsatira. Ngati pa zaka zitatu palibe dzina latsopano ngakhale limodzi, tsekani fomuyo, pitani pa ina.

Dziwani kuti mafomuwa amachedwa. Faundeshoni yotseka mabuku mu Disembala imapereka fomu pofika pa 15 Meyi, ndipo ikhoza kupempha kuti ifike nayo pa 15 Novembala, choncho zomwe mukuwerengazo ndi za chaka chimodzi kapena ziwiri zapitazo. Tsamba lawo la pa intaneti, ngati ali nalo, ndilo lili ndi masiku otsekera a chaka chino. Palinso kaundula wa bungwe la Candid, lomwe linapangidwa mu 2019 pomwe Foundation Center ndi GuideStar anaphatikizana. Kaundulayo ndi wolipira, koma malaibulale ena amalola anthu kumugwiritsa ntchito mwaulere, ndipo tsamba la Candid limaonetsa laibulale yapafupi nanu. Madzulo awiri kapena atatu a ntchito imeneyi adula 14 aja kufika pa anayi kapena asanu, n'kukupatsaninso maina ena omwe simunawamvepo, a timafaundeshoni ta mabanja topanda ofesi, tomwe adiresi yake ndi ya loya kapena ya banki.

Za pachinzake zija, sindikunamizani, muli choonadi. Lamulo limaletsa a m'bodi ndi abale awo kudyerapo pa chuma cha faundeshoni, ndipo chilango chake ndi chowawa. Koma sililetsa munthu kupereka ku bungwe lomwe akulidziwa. Ganizirani momwe zimakhalira: abale asanu kapena asanu ndi mmodzi akumana kawiri pachaka, patebulo pali mulu wa mapempho, nthawi ndi maola atatu. Ndinakhalapo pa tebulo lotere. Pepala likatuluka, funso loyamba silinali lakuti alemba bwanji. Linali lakuti, alipo akuwadziwa awa? Pakakhala chete, pepalalo linkapita kumanzere. Wina akati ndinapitako, ndinaona ana ali m'madzi, mayi wake ndi wolongosoka, zokambirana zinkayamba. Si katangale ameneyu, ndi mantha a munthu yemwe wasungitsidwa chuma cha akufa ndipo sakufuna kuchita manyazi.

Ubwino wake ndi wakuti kudziwika kumapangika, makamaka pa chilumba chaching'ono chomwe anthu amakumana m'sitolo imodzi. Fomu ija ili ndi maina a a m'bodi. Werengerani bodi yanu mainawo, muwerengerenso abusa a mipingo iwiri ija, mufunse amene akudziwa ndani. Pa mndandanda wa olandira, sankhani mabungwe awiri omwe ntchito yawo ikugundana ndi yanu, mwina sukulu yomwe ana anu amaphunzira kapena malo osungira ana akaweruka, mukacheze ndi owayendetsa. Afunseni momwe anayambira, yemwe anamuimbira, zomwe faundeshoniyo imadana nazo. Ambiri amauza mosabisa. Ndipo komwe kuli wogwira ntchito wolandira mapempho, muimbireni musanalembe chilichonse. Mphindi khumi zikwana: ndife akutiakuti, timachita chakuti, tikuganiza zopempha ndalama mwakuti, kodi zikugwirizana ndi zomwe bodi yanu ikufuna chaka chino? Pomaliza muitanireni ku dziwe Loweruka m'mawa. Inu muli ndi mwayi womwe mabungwe ambiri alibe, ntchito yanu imaoneka ndi maso. Munthu amene waona mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akusiya khoma la dziwe koyamba, milomo ikunjenjemera, n'kuyandama yekha chagada, saiwala.

Mwati mwagwira ntchito zaka zitatu, ndipo pamenepo mtima wanga unagunda. Musanaimbe foni iliyonse, fufuzani dzina la bungwe lanu pa Tax Exempt Organization Search ya IRS. Mabungwe omwe ndalama zawo sizipitirira $50,000 pachaka amangolemba kafomu kakafupi ka pa intaneti, 990-N, ndipo poti n'kakafupi anthu amakaiwala. Mukadumpha zaka zitatu zotsatizana, chilolezo chanu cha 501(c)(3), chokuzindikirani ngati bungwe lachifundo losakhoma msonkho, chimafa chokha, popanda wokuzengani mlandu. Wogwira ntchito ku faundeshoni amayamba n'kuona pamenepo, ndipo akapeza kuti chinafa sakuimbirani kuti akuuzeni. Ngati simunalembetse n'komwe, fomu yaifupi ya 1023-EZ ilipo ya mabungwe ang'onoang'ono, kapena mutha kubisala pansi pa bungwe lina lolembetsedwa kale lomwe lizilandira ndalama m'malo mwanu n'kumadula pakati pa 5 ndi 10 peresenti. Faundeshoni ikhoza kupereka ku gulu losalembetsedwa, koma lamulo limaisenzetsa ntchito yambiri yolondoloza ndalamazo, ndipo ang'onoang'ono ambiri safuna n'kumva komwe.

Tsopano $150,000 ija tiiphwanye. Mwaika zinthu zitatu m'thumba limodzi, chonsecho opereka amaziona mosiyana. Galimoto ndi katundu wogula kamodzi. Malipiro a mphunzitsi ndi chinthu chobwera chaka ndi chaka. Maphunziro enieniwo, kulipira dziwe, zovala zosambirira, ndi pulojekiti. Alipo mafaundeshoni okonda kugula katundu chifukwa amaoneka ndipo nkhani imathera pomwepo. Ena sagula katundu zivute zitani. Malipiro ndiwo ovuta kwambiri, poti thandizo lambiri ndi la chaka chimodzi, ndipo aliyense patebulo paja afunsa kuti nanga chaka chamawa mayi ameneyu adzalipidwa ndi ndani. Ine ndikanakhala inu, chaka chino ndikanapempha $8,000 mpaka $10,000 kwa aliyense mwa atatu kapena anayi, osapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a bajeti yanu kwa wopereka mmodzi. Ndikanalemba mphunzitsi wa maola ochepa wa miyezi yotentha yokha, galimoto n'kuchita yobwereka nyengo imodzi. Pakutha pa chaka mudzakhala ndi manambala enieni a ana omwe ananyamulidwa ndi ndalama zomwe kubwereka kunadya, ndipo pempho logula yanuyanu lidzadzilankhulira lokha. Ndikudziwa kuti mukumva ngati ndakudulani mapiko. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi.

Palinso chifukwa cha malamulo chomwe odziwa amaopera kuthira ndalama zambiri m'kabungwe kakang'ono. Kuti bungwe lipitirire kuwerengedwa ngati la anthu onse, liyenera kuonetsa kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zake, pa zaka zisanu, limachokera kwa anthu ambiri. Powerenga zimenezi, mphatso ya faundeshoni imodzi imangowerengedwa kufika pa 2 peresenti ya ndalama zonse. Mphatso imodzi ya $150,000 siingakugwetseni, koma itamabwera chaka chilichonse kuchokera khomo limodzi, anthu anu ndi mipingo ija angamire m'masamuwo. Muyeso umenewu umayamba kuluma m'chaka chachisanu ndi chimodzi, ndiye kwa inu si kutali.

Tsamba lanu loyamba likuyamba ndi vuto la kumira m'madzi pa dziko lonse lapansi. Ndi zoona kuti ku America, malinga ndi a CDC, bungwe la boma loona za matenda ndi zaumoyo, kumira ndiko kumapha ana ambiri a chaka chimodzi mpaka zinayi kuposa china chilichonse, ndipo kwa a zaka 5 mpaka 14 kumatsatira ngozi za galimoto pa imfa zangozi. Chiganizo chimodzi chikwana. Amene akuwerengayo anakulira pa gombe lomwelo, mafunde okokera anthu m'kati amawadziwa, mbendera zofiira za a Beach Patrol, opulumutsa anthu pagombe, amaziona chaka ndi chaka. Chomwe sakudziwa ndi chomwe inu mwabisa m'ndime yomaliza ya tsambalo: kuti makolo a ana amenewa amagwira ntchito m'mahotela, m'malesitilanti ndi padoko la sitima za alendo, ndipo miyezi yomwe ana ali patchuthi ndi yomwe makolowo sapuma. Mwana akukhala mitadada isanu kuchokera kunyanja, palibe womuperekeza ku dziwe, ndiye amapita kunyanja ndi anzake. Galimoto mukuifunira chimenecho. Kwezani ndime imeneyo ikhale yoyamba. Itsatiridwe ndi manambala anuanu: ana angati analembetsa chaka chatha, angati anamaliza, angati akutha kuyandama ndi kusambira mtunda womwe munaika ngati muyeso, angati ali pamzere kudikira malo. Ngati simunkalemba zimenezi, yambani sabata ino ndi kope la sukulu. Nenaninso omwe anasiyira panjira ndi chifukwa chake. Pulopozo yopanda chilema imakayikitsa.

Kalata yoyamba isapitirire masamba awiri, pokhapokha ngati iwo apempha zambiri. Kuchuluka kwa ndalama kuoneke m'ndime yoyamba, osati wowerenga achite kusaka.

Nkhani ya namondwe simunaitchule paliponse, ndipo ku Galveston kumeneko ndi kusiya dzenje poyera. Mzindawu unaphwasulidwa ndi mkuntho wa pa 8 Seputembala 1900 womwe unapha anthu oposa 6,000, n'chifukwa chake anamanga chikhoma cha kunyanja chija. Pa 13 Seputembala 2008 mkuntho wotchedwa Ike unabwera, madzi n'kulowera kumbuyo, mbali ya gombe la m'kati komwe kulibe khoma, ndipo gawo lalikulu la chilumba linamira, chipatala cha UTMB chomwe. Anthu ambiri omwe anathawa sanabwerere. Kalembera wa 2010 anapeza anthu ochepera 48,000, pomwe mu 2000 analipo oposa 57,000. A m'bodi omwe mukuwalemberawo anakolopa matope m'nyumba zawo chaka chimenecho, ndipo anaona mabungwe omwe anawathandiza akutaya makompyuta, mafaelo ndi magalimoto usiku umodzi. Mukapempha galimoto, m'mutu mwawo mukubwera funso lakuti idzaimikidwa pati madzi akamabwera, ndani adzaiwolotse mlatho kupita kumtunda, ndipo inshuwalansi yake ikuphimba madzi osefukira kapena ayi. Nyengo ya mikuntho imayamba pa 1 Juni kufika pa 30 Novembala, ndiye ikugundana ndendende ndi nyengo yanu yosambira. Lembani ndime imodzi yoyankha zimenezi asanafunse. Nenani kuti mapepala a bungwe ali pa intaneti, osati m'katoni pansi pa bedi la msungichuma. Nenani chomwe mudzachite ndi ndalama zawo ngati dziwe litatsekedwa milungu isanu ndi umodzi.

Mkuntho ukadutsa, ndalama zachifundo zimasefukira kwa miyezi yochepa, zambiri n'kupita ku chakudya, pogona ndi kukonza nyumba, ndipo zimapita kwa omwe opereka akuwadziwa kale chifukwa palibe nthawi yofufuza mlendo. Pamenepo mafaundeshoni amathanso kusuntha ndalama zomwe akanapereka ku ntchito ngati yanu. Choncho chaka chabata ndicho chodziwanirana.

Bajeti yanu ikhale yonena zoona. Amayi ambiri omwe ndagwira nawo ntchito amachita manyazi kulemba inshuwalansi, mafuta, ndalama zofufuzira mbiri ya aliyense wogwira ntchito ndi ana, malipiro a wowerengera mabuku, poganiza kuti opereka amafuna kuona kuti dola iliyonse yapita kwa mwana. Wowerenga wodziwa akaona bajeti yonyamula ana opanda mzere wa inshuwalansi amachita mantha. Funsiranitu mtengo kwa a inshuwalansi musanasankhe galimoto, poti ambiri amanyinyirika ndi maveni a anthu 15, ndipo muikeko za dzimbiri, mphepo yamchere imadya chitsulo msanga. Za ndalama zoyendetsera ofesi, zinthu zasinthako: Ford Foundation inalengeza kuti kuyambira 2016 izipereka 20 peresenti pamwamba pa ndalama za pulojekiti kuti zithandize mbali imeneyi, ndipo ena atsatira. Ang'onoang'ono aliyense ali ndi malire ake, funsani pafoni paja. Onetsaninso zomwe mumalandira zosakhala ndalama, monga maola a odzipereka ndi dziwe ngati amakutsitsirani mtengo. Ndipo yembekezani funso lakuti a m'bodi yanu onse amasonkha kapena ayi. Safunsa kuti zingati. Ngakhale $20 pachaka, bola onse.

Wina akabwera kuti ndikulemberani pulopozo, mudzandipatse 10 peresenti ya zomwe mupeze, mukaneni. Malamulo a khalidwe a bungwe la akatswiri osaka thandizo, Association of Fundraising Professionals, amaletsa malipiro otere, ndipo ndalama zomwe zaperekedwera ana simungazipatutse kukalipira ntchito yomwe inachitika zisanabwere.

Pamenepa ndiulule changa. Ndili wamng'ono pantchitoyi, bungwe lina lomwe ndinkathandiza linalandira ndalama zogulira zipangizo, ndipo mwezi womwewo lendi inatithina. Tinatapako, tikuti tidzabweza zikalowa zina. Zinazo zinachedwa, tsiku la lipoti n'kufika, ndipo tinakafotokoza titachedwa kale. Mayi yemwe ankatiyang'anira ku faundeshoniyo sanakalipe. Anangoti, mukanandiimbira tsiku lomwelo ndikanapempha bodi, mwina akanalola. Sanatipatsenso, ndipo m'mzinda waung'ono opereka amadyera limodzi nkhomaliro. Ndalama zikaperekedwa ndi cholinga, ndi za cholingacho basi. Kalata yomwe mudzasaine ndi pangano. Zisungeni pa mzere wakewake m'mabuku, malisiti m'envulopu yakeyake, ndipo zinthu zikasintha imbani musanagwire ngakhale dola imodzi. Lipoti litumizeni tsiku lisanakwane, ndi zithunzi zomwe makolo avomereza. Thandizo lachiwiri limachokera mu lipoti la thandizo loyamba.

Musataye mipingo iwiri ija ndi anthu anu pothamangira mafaundeshoni. Lipoti la Giving USA linaonetsa kuti mwa ndalama pafupifupi $557 biliyoni zomwe zinaperekedwa ku zachifundo ku America mu 2023, mafaundeshoni anapereka pafupifupi 19 peresenti, pomwe anthu wamba anapereka magawo awiri mwa atatu. $38,000 yanu yochokera m'matumba a anthu ambiri ndi umboni wamphamvu kuposa mawu aliwonse omwe mungalembe, ndipo ndi ndalama zomwe mungagulire chilichonse chomwe chafunika popanda kupempha chilolezo. Ikani chiwerengero cha opereka anuwo m'kalata. Yang'ananinso mafaundeshoni a m'dera omwe amasonkhanitsa chuma cha anthu ambiri, monga Greater Houston Community Foundation, komanso United Way ya kwanuko. Malamulo awo ndi ena, ndipo mabanja ambiri olemera masiku ano amasungitsa ndalama zawo zachifundo kumeneko m'malo motsegula faundeshoni yawoyawo.

Asanu omwe anakuyankhani kuti pepani aja ndiwo poyambira panu, chifukwa ali ndi munthu yemwe amatsegula makalata. Yambani mwawerenga mafomu awo. Amene mwaona kuti amathandizadi ana ku Galveston, muimbireni, muthokoze kuti anayankha, ndipo musadandaule kapena kufunsa kuti munatikaniranji. Nenani kuti mwazindikira kuti munapempha zambiri, n'kufunsa ngati pempho la $8,000 la maphunziro a nyengo yotentha ikubwerayi lingaganiziridwe, komanso kuti bodi ikumana liti. Lembani tsikulo, mubwerere m'mbuyo milungu isanu ndi itatu, pamenepo ndiye poyambira kulemba. Ambiri amatenga miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi kuti ayankhe, choncho ndalama za ana olowa m'madzi mu Juni zimapemphedwa chaka chisanathe.